Timange uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba

 Ndiyankhula m'Chichewa poti ndicho chilankhulo chimene tonse timakumanirapo kuno ku Dzaleka. Amene chikukuvutani, mnzanu ali pambali panuyo akunong'onezeni m'Chiswahili, m'Chifalansa kapena m'chilankhulo cha kwanu, sindikhumudwa.

Andipempha kuti ndifotokoze kamangidwe ka uvuni wa njerwa wogwiritsa ntchito nkhuni, wophikiramo pitsa ndi buledi. Ndikudziwa kuti ena atamva mawu akuti pitsa aseka chamumtima. Munthu akudikira thandizo la mwezi losakwana n'komwe, iwe n'kumamuuza za chakudya cha azungu? Funsolo n'lomveka, ndipo ndiliyankha poyamba. Pitsa inayamba ngati chakudya cha amphawi. Mumzinda wa Naples ku Italy, anthu osauka ankagula buledi wopyapyala wopakidwa tomato m'mbali mwa msewu, n'kumadya ali chiimire. Mpaka lero kumeneko kuli mtundu wina wotchedwa marinara umene sathirapo tchizi ngakhale pang'ono, koma tomato, adyo, mafuta ndi timasamba tonunkhira basi. Ulemu unabwera pambuyo, moti mu 2017 bungwe la UNESCO linaika luso la ophika pitsa a ku Naples pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Uvuni wake ndi wakale kuposa pitsayo. Mumzinda wa Pompeii, umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, ofukula zakale anapeza mauvuni a njerwa ozungulira ngati chulu, ofanana ndithu ndi amene tikukambawa. Mwa umodzi anapezamo ngakhale buledi wopserera.

Tsono chimene ndikufuna mumve ndi ichi: uvuni umenewu si wa pitsa yokha. Mukausonkhezera kamodzi, umaphika zinthu zinayi kapena zisanu motsatizana pamene ukuzizira. Kwa ife amene nkhuni timachita kugula, ndiponso nkhani ya mitengo imatiyambanitsa ndi eni midzi, pamenepa ndi pamene pagona phindu lake.

Tiyambe ndi malo, chifukwa ngozi yaikulu ili pamenepa. Msasa uno unatsegulidwa mu 1994 kuti musungidwe anthu pafupifupi 12,000, koma lero tapitirira 50,000, ndipo chibwerereni anzathu amene ankakhala m'matauni mu 2023, nyumba zachita kugundana. Madenga ambiri ndi audzu ndi mapulasitiki. Mphepo ya kuno ku Dowa mukuidziwa nokha, makamaka kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa. Kamoto kamodzi kothetheka kuchoka pachumuni kakhoza kusiya mabanja khumi panja usiku umodzi. Choncho uvuni ukhale patali ndi denga laudzu, mamita atatu kapena kupitirira, ndipo khomo lake lisayang'ane kumene mphepo imachokera. Ngati pakhomo panu malo otere palibe, musakakamize. Gwirizanani mabanja anayi kapena asanu, mukaonane ndi mtsogoleri wa zoni, mupeze malo amodzi oti nonse muziphikirapo mosinthana. Ine ndimaona kuti uvuni wa gulu ndiwo wabwino kuposa wa munthu mmodzi, ngakhale malo atakhalapo, chifukwa uvuni umene waphika dzulo umakhala ukadali wofunda ndipo lero sudya nkhuni zambiri.

Nthawi yomanga ndi chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Dothi silifuna kumangidwa mvula ili pamutu.

Zipangizo zambiri zili pafupi. Njerwa zootcha, zakupsa bwino, zija mukaziwombanitsa zimalira ngati chitsulo. Pa uvuni wa msinkhu umene ndikupatseniwu konzani njerwa ngati 150, osawerengera za chiunjiko cha pansi. Njerwa yofewa, yosiya fumbi m'manja, isalowe m'kati mwa uvuni, chifukwa imayamba kugumuka n'kumagwetsera mchenga pa buledi. M'tauni amagulitsa njerwa zapadera zopirira moto, koma mtengo wake ndi wina. Zathu zomwezi zimagwira ntchito zaka zingapo mukazisankha bwino. Kenako dothi lomata, longa limene amayi amaumbira miphika ndi mbaula za chitetezo, kapena la pachulu. Mchenga wa kumtsinje. Utuchi wa kwa akalipentala, kapena mankhusu a mpunga ngati mungawapeze. Mabotolo agalasi opanda kanthu, makumi anayi kapena asanu. Manyuzipepala akale. Kachidutswa ka paipi yachitsulo ka chumuni.

Simenti sindinaitchule dala. Ambiri amaganiza kuti chinthu cholimba ndi cha simenti. Pa chiunjiko cha pansi ndi zoona, ngati ndalama ilipo. Koma pamene pakufika moto, simenti imaphwanyika. Kutentha kukakwera imataya madzi amene anaiumitsa, n'kusanduka ufa. Dothi limachita zosiyana: moto ukalinyambita limalimbirako, ngati mphika. Choncho njerwa za m'kati timamangira matope a dothi ndi mchenga.

Kasakanizidwe kake kamafuna kuyesa, poti dothi la kuno si limodzi. Yambani ndi ndowa imodzi ya dothi pa ndowa ziwiri za mchenga, mupondeponde ndi mapazi mpaka zigwirane. Umbani kampira, mukagwetse pansi kuchokera pachifuwa. Kakamwazika, mchenga wachuluka. Kakaphwatalala ngati chitumbuwa, ndiye kuti madzi kapena dothi lachuluka. Kabwino kamangophwanyika pang'ono m'mbali koma kali kamodzi. Amene muli ndi mtima wodekha, umbani tinjerwa titatu tosakaniza mosiyanasiyana, mutiyanike pamthunzi masiku atatu, n'kuona kamene sikanang'ambike. Masiku atatu amenewo si otayika.

Chiunjiko cha pansi chikhale masentimita 150 m'lifupi ndi 170 m'litali, kutalika kwake kufika m'chiuno, kuti wophika asamachite kuwerama tsiku lonse. Makoma ake mukhoza kumanga ndi zidina, bola mizere iwiri kapena itatu yapansi ikhale ya njerwa zootcha kapena miyala, kuopa chinyezi. M'kati mwake thiranimo zigumukire ndi dothi, n'kutsendera kwambiri. Musiye mpata wa masentimita 15 pamwamba.

Mpata umenewu ndi wa mabotolo, ndipo pano ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene mauvuni ambiri amalephera popanda mwini wake kudziwa. Kutentha kumathawa. Mukayala njerwa zophikirapo pamwamba pa dothi lotsendera, dothilo limayamwa kutentha n'kukutsitsira pansi, ngati mmene thaulo limamwera madzi. Zotsatira zake, buledi amapsa pamwamba pansi pali pawisi, inu n'kumawonjezera nkhuni osadziwa kuti mukuwotcha nthaka. Chimene chimatchinga kutentha ndi mpweya wotsekeredwa. Botolo lopanda kanthu ndi mpweya wotsekeredwa. Choncho gonekani mabotolo, opanda zitsekerero, osagundana, mpata wa chala pakati pawo, ndipo m'mipatamo mudzaze utuchi wosakaniza ndi dothi lamadzimadzi ngati phala. Utuchiwo ukadzapsa pang'onopang'ono umasiya timabowo tambirimbiri, nato timasunga mpweya. Pamwamba pake muthire matope aja a dothi ndi mchenga okhuthala masentimita 5, musalaze, kenako kamchenga kosefa kopyapyala.

Pa kamchengako ndi pamene mumayala njerwa za pansi pa uvuni. Sankhani zosalala kuposa zonse. Ziyaleni chogona, zogundana, popanda matope pakati pake. Phulusa lidzatseka lokha mipata yotsalayo. Gwiritsani ntchito levulo, ndipo yendetsani dzanja pamwamba. Njerwa imodzi ikatumphuka ngakhale pang'ono, thabwa lolowetsera pitsa lizikakodwa pamenepo tsiku lililonse. Ena amayika miyala ya mumtsinje m'malo mwa njerwa. Musatero. Mwala wokhala ndi madzi m'kati umaphulika ukatentha.

Tsopano chulu chenichenicho. Khomani msomali pakati, mumangirire chingwe cha masentimita 45, mujambule mzere wozungulira. Ndiye kuti m'kati mwa uvuni mukhala masentimita 90 kuchoka mbali ina kufika ina. Msinkhu umenewu umalowa mathireyi awiri a masikono, kapena pitsa ziwiri moto uli pambali. Imikani kamtengo pakatipo kotalika masentimita 40. Unjikani mchenga wonyowa m'kati mwa mzere uja mpaka kamtengo kabisike, muuumbe bwinobwino ngati mphika wovundikira, kenako muukute ndi manyuzipepala onyowa. Mulu wa mchengawu ndiwo chikombole. Manyuzipepala ndi oti podzafukula mchenga mudziwe pamene mchenga wathera.

Dulani njerwa pakati, muzimanga zidutswazo mozungulira mulu uja, mzere ndi mzere, mbali yosadulidwa itayang'ana m'kati. Milomo ya m'kati ya njerwa izigundana, matope azikhala kumbuyo kumene kwatseguka ngati mphanda, ndipo mukhoza kukhomeramo tizidutswa ta njerwa. Mpata wa pakati pa njerwa ziwiri usakhale pamwamba pa mpata unzake wa mzere wapansi. Amisiri omanga nyumba muli panowa mukudziwa chifukwa chake. Njerwa muziviika m'madzi pang'ono musanaziike, kuti zisamwe madzi a matope msangamsanga. Pofika pamwamba patsala kabowo. Semani njerwa imodzi yosongoka, muikhomere ndi mtengo mpaka ithine. Imeneyo ndiyo imagwira zinzake zonse.

Khomo. Mukaiwala zonse zimene ndanena lero, nambala iyi yokha musaiwale: kutalika kwa khomo kukhale magawo 63 pa 100 alionse a kutalika kwa m'kati mwa uvuni. Pa uvuni wathu wa masentimita 40, khomo ndi masentimita 25. M'lifupi masentimita 45 akwana. Chifukwa chake n'chakuti uvuni umapuma ndi khomo lomwelo. Mpweya wozizira umalowa chapansi n'kudyetsa moto, malawi amakwera n'kunyambita denga lonse, utsi n'kutulukira chapamwamba pa khomo. Khomo likatalika kwambiri, kutentha kumatuluka kusanagwire ntchito, nkhuni n'kumangopita. Likafupika kwambiri, moto umabanika, utsi n'kudzaza. Pomanga khomolo, ikani chikombole cha thabwa kapena ndowa yakale yogoneka, mumange njerwa mokhota pamwamba pake.

Chumuni musachiike pamwamba pa chulu. Ndaona mauvuni angapo muno oboola pamutu, ndipo eni ake amadandaula kuti amadya nkhuni ngati uvuni wa njerwa. N'zoona, chifukwa kutentha konse kumakwera n'kutulukira pomwepo. Chumuni chimakhala kutsogolo, kunja kwa khomo, pa kakhonde kakang'ono kamene mumamanga patsogolo pake. Motero mukatseka khomo, kutentha kumatsalira m'kati, chumuni chili kunja.

Pakatha masiku atatu kapena anayi, matope atayamba kugwira, fukulani mchenga uja kudzera pakhomo, pang'onopang'ono ndi manja. Mukakhudza nyuzipepala mwafika. Mukatero vekani uvuniwo bulangete: utuchi kapena mankhusu osakaniza ndi dothi lamadzimadzi, wokhuthala masentimita 10 mbali zonse. Musautsendere, uzikhala wopepuka. Pomaliza tsirani ndi matope wamba osakaniza ndi udzu woduladula. Uvuni wopanda bulangete umaphika ndithu, koma pofika madzulo wazizira, ndiponso mwana akaugwira kunja amapsa. Mangani kadenga ka malata pamwamba, kokwera bwino, chifukwa mvula ya Januwale ikhoza kusungunula ntchito yonseyi sabata imodzi.

Apa ndiye pofunika kuugwira mtima. Uvuni watsopano uli ndi madzi ambiri m'makoma. Mukausonkhezera moto waukulu tsiku loyamba, madziwo amasanduka nthunzi, nthunziyo imasowa potulukira, makoma n'kung'ambika. Usiyeni uume wokha sabata imodzi kapena ziwiri khomo lili lotsegula. Kenako tsiku loyamba yatsani kamoto ka mapepala ndi tinkhuni tating'ono, ola limodzi. Mawa lake kokulirapo pang'ono. Muzitero masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi tidzaoneka ndithu, musadandaule nato, uvuni uliwonse uli nato. Mng'alu wolowa chala ndiwo wofunika kumata.

Za nkhuni. Zikhale zouma, zowaza, zonenepa ngati mkono wa mwana. Nkhuni zaziwisi zimangofuka. Bulugamu wouma amayaka bwino. Zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo zimathandiza poyatsira ndi potenthetsa koyamba, ndipo zimenezi anzathu a m'midzi ali nazo zambiri akakolola. Kugula kwa iwo n'kwabwino kuposa kutuma mwana wamkazi kutchire kumene akakumane ndi zimene tonse tikuzidziwa. Mapulasitiki, matayala, matabwa opaka penti ndi mitengo yothiridwa mankhwala a chiswe zisalowe mu uvuni. Utsi wake ndi poizoni ndipo umalowa m'chakudya. Chimodzimodzi lata latsopano lonyezimira musaphikirepo pamoto waukulu.

Mudziwa bwanji kuti uvuni wapsa, popeza choyezera kutentha tilibe? Uvuni umanena wokha. Moto ukangoyamba, denga la m'kati limada bii ndi mwaye. Pakapita ola limodzi ndi theka kapena awiri, mwaye uja umayamba kupsa, pamwamba n'kuoneka poyera, kuyerako n'kumatsika m'mbali. Denga lonse likayera, kutentha kwafika pafupifupi madigiri 400. Imeneyo ndiyo nthawi ya pitsa. Ku Naples amaphika pa madigiri opitirira 430 ndipo pitsa imapsa pa mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Yathu ikatenga mphindi ziwiri kapena zitatu palibe cholakwa. Kankhirani makala mbali imodzi, musiye chikuni chimodzi chikuyaka, pukutani pansi ndi chiguduli chonyowa pang'ono chomangirira kumtengo, kenako lowetsani.

Mtanda wake ndi wosavuta: fulawa kilogalamu imodzi, madzi mamililita 630, mchere masupuni ang'onoang'ono anayi, yisiti supuni yaing'ono imodzi. Kandani mphindi khumi, vundikirani, muusiye maola asanu ndi limodzi kapena usiku wonse nyengo yozizira. Muugawe mipira isanu ndi umodzi, ipumenso ola limodzi. Poutambasula gwiritsani ntchito zala, osati botolo, kuti mpweya wa m'mphepete usathawe. Pakani tomato wakupsa wophwanya ndi mchere, pang'ono chabe. Ochokera ku Kivu mukukumbukira tchizi cha ku Masisi chimene chinkagulitsidwa ku Goma. Kuno tchizi n'chodula ndipo popanda firiji sichikhalitsa, ndiye musamange bizinesi yanu pa icho. Anyezi, adyo, tsabola wobiriwira, usipa wokazinga, nyama ya soya, dzira loswera pakati, zonsezi zimakoma. Lamulo ndi limodzi: musachulutse. Pitsa yolemedwa imakakamira pathabwa ndipo pakati pake sipapsa.

Pitsa ikatha, kokani makala onse muwathire mu mbaula, musawataye. Tsekani khomo ndi chitseko chathabwa lochindikala loviika m'madzi, kapena chachitsulo, mudikire ngati theka la ola kuti kutentha kufalikire ponseponse. Wazani kafulawa pansi. Kakada nthawi yomweyo, dikiranibe. Kakamafiira pang'onopang'ono inu mukuwerenga mpaka khumi ndi zisanu kapena makumi awiri, lowetsani buledi. Akatuluka buledi, alowe masikono, mabanzi kapena chigumu. Zikatuluka zimenezo, mbatata ndi mtedza. Madzulo ikani mphika wa nyemba zonyika kale ndi zobwatitsa pa makala aja, mutseke, mudzazipeze zitafewa. Tonse tikudziwa makala amene nyemba zimadya pa mbaula. Ndipo musanagone, moto utatheratu, lowetsani nkhuni za mawa kuti ziume.

Mawu awiri pa za ndalama, poti ambiri mwabwerera zimenezo. Pitsa yokha sikudyetsani. Ogula ake alipo: ogwira ntchito m'mabungwe, achinyamata, alendo ochokera ku Lilongwe, makamaka nthawi ya chikondwerero cha Tumaini chimene chinayamba mu 2014 ndipo chimabweretsa anthu ochuluka muno. Koma amenewo si a tsiku ndi tsiku. Cha tsiku ndi tsiku ndi buledi wa m'mawa ndi masikono a ana a sukulu, komanso msika wa Lachiwiri. Mitengo sinditchula, chifukwa chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa fulawa sukhazikika, ndipo nambala imene ndinganene lero mwezi wamawa ikhala yabodza. Chimene mungachite n'kugula kope. Lembani fulawa, yisiti, mafuta, shuga, nkhuni, ngakhale madzi ngati mwatuma wina kukatunga, kenako werengani zimene zatuluka mu uvuni ndi zimene zagulidwadi. Chitani zimenezi masabata awiri musanakatenge ngongole ku banki mkhonde. Ngati muli gulu, gwirizanani poyamba, pamaso pa mboni, kuti uvuni ndi wa ndani wina akadzachoka, poti muno anthu amachoka: wina wapeza mwayi wopita kunja, wina wabwerera kwawo. Mabanja ambiri ayambana pa zinthu zazing'ono kuposa uvuni.

Ndowa ya madzi ndi ina ya mchenga zizikhala pafupi nthawi zonse pamene moto ukuyaka, ndipo phulusa muzilithira m'chitini chachitsulo, osati kudzala, chifukwa limasunga moto mpaka mawa. Ana asaseweretse chitseko.

Amene mukufuna kuona ndi maso, lembetsani mayina kwa mtsogoleri wa zoni yanu pakutha pa msonkhano uno. Tikakwana anthu khumi tidzamanga umodzi limodzi, kuyambira pa chiunjiko mpaka pa njerwa yotsekera. Aliyense abwere ndi mabotolo asanu ndi ndowa, ndipo amisiri omanga nyumba mutibwerekeko levulo. Tsopano ndilandira mafunso, tiyambe ndi amayi akhala kumbuyoko.